Gogodela Ndi Nkhani ya Zaumoyo, Osati ya Apolisi Okha

Lamulo loteteza nyama zakutchire litakhwimitsidwa mu 2017, ambiri ku Chikwawa ndi ku Nsanje anangomva za chilango: kufikira zaka 30 m'ndende kwa wopha njovu, chipembere kapena ngaka. Koma lamuloli likunenanso za chilolezo. Munthu sasaka nyama yotetezedwa popanda chilolezo cha nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, ndipo mfuti nayo imafuna chilolezo chakechake kupolisi. Mfuti ya gogodela yosulidwa kumudzi, yothirira onga kukamwa, ilibe zonsezi, ndipo m'pofunika kuti zikhale choncho chifukwa imavulaza anthu, kuyambira mlenje mwiniyo mpaka mwana amene adye ndiwoyo.

Vuto limayambira pa kapangidwe. Mpope wa gogodela nthawi zambiri ndi paipi wamba amene sanayesedwepo mphamvu, ndipo onga amauyeza ndi maso. Ukachuluka, mpope umaphulika n'kudula zala kapena kuboola diso. Ukachepa, chipolopolo chimangolasa osapha, pomwe kuthiranso onga kumatenga nthawi imene njati yolasidwa sipereka. Mvuu imene yathawa ndi bala ku Elephant Marsh siibwezera kwa mlenje yekha. Imakagubuduza bwato la msodzi amene sakudziwa kanthu. Palinso mtovu umene ena amaika m'mfutimo. Tizidutswa take timatsalira m'mnofu, kuphika sikuuchotsa, ndipo bungwe la WHO limati palibe mlingo wa mtovu umene ukudziwika kuti ndi wabwino m'thupi. Umaononga ubongo wa mwana, ngakhale amene adakali m'mimba. Nyama yogulitsidwa mobisa usiku siyesedwanso ndi alangizi a ziweto, ndipo wogula sadziwa ngati inaomberedwa kapena inadzifera. Mu 2011, anthu oposa 500 anadwala matenda a anthrax ku Chama m'dziko la Zambia atagwira ndi kudya nyama ya mvuu zakufa, ena n'kumwalira.

Ena amati ngakhale ku America mfuti zamtunduwu n'zololedwa. N'zoona. Ku Colorado kuli nyengo yapadera yosaka elk, nyama yaikulu ya nyanga zanthambi, ndi mfuti zothirira kukamwa. Koma mfutizo n'zopangidwa kufakitale, lamulo limatchula kukula kwa chipolopolo kuti nyama ife msanga, ndipo zilolezo zimaperekedwa potengera chiwerengero cha nyama zimene akatswiri apeza chaka chimenecho. Chilolezo chenicheni chimayambira pa kuwerenga: zilipo zingati, zaswana zingati, zingachotsedwe zingati gulu osatha. Ku Majete kusaka kopanda masamu kunamaliza njovu zonse pofika 1992. Panafunika bungwe la African Parks kuyamba ntchito mu 2003, kubweretsa zipembere chaka chomwecho, njovu mu 2006 ndi mikango mu 2012, pa ndalama zambiri zedi. Ku Lengwe, kwawo kwa boo, ndi ku Mwabvi kulibe nyama zochuluka moti mlenje aliyense n'kumadzitengera gawo lake.

Dandaulo lolemera kwambiri ndi la njala, ndipo n'losayenera kulipeputsa. Banja limene munda wake unakokoloka ndi namondwe Ana mu 2022, kenako Freddy mu 2023, mvuu n'kudzadya chimanga chakudimba chimene chinali chiyembekezo chotsala, lili ndi chifukwa chokwiyira. Kuliuza za lamulo lokha n'kulinyoza. Komabe gogodela sathetsa vutoli, chifukwa mvuu yolasidwa imalusa kuposa kale, ndipo bambo akamangidwa kapena kuduka dzanja, njala pakhomopo imangokula. Ntchito yothana ndi nyama zovutitsa ndi ya asilikali a zanyama, amene ali ndi mfuti zoyenera, ndipo apa boma lili ndi ngongole yake: mfumu ikapereka lipoti kuchokera ku Chiromo kapena ku Bangula, thandizo lizifika mbewu zisanathe. Ulimi wa njuchi ndi nsomba umene midzi yozungulira Majete ikuchita uyenera kufikanso kwa oyandikana ndi Lengwe ndi Mwabvi, ndipo alangizi a zaumoyo azikamba za mtovu ndi anthrax kusikelo ya ana monga amakambira za kolera ndi malungo.