Chigoba cha ku Japan ndi Gule Wathu

Ine amene ndinakulira kuno ku Mwanza, kufupi ndi malire a Zobue, kumene ng'oma za gule wamkulu zinkalira mpaka tambala woyamba, ndinazizwa pomva kuti ku Japan nakonso kuli sewero la noh, limene munthu wina wotchedwa Zeami analikhazikitsa zaka zoposa 600 zapitazo, momwe wovina amabisa nkhope m'chigoba cha mtengo wa hinoki kuti aimire mzimu wa womwalira. Kuona maso a nkhono nkudekha: wovinayo akaweramitsa mutu pang'ono, chigobacho chimagwa nkhope, akaudzutsa, chimawala. UNESCO inalemekeza noh mu 2001, gule wathu mu 2005, komatu mmisiri wosema zigoba wa ku Japan amatchulidwa dzina poyera, pamene wathu amasemera kudambwe, ndipo dzina lake ine sindingaliulule.