ULOVA SUFANANA M'ZIGAWO ZONSE ZA ZAMBIA

Makolo ambiri a ku Chipata, Katete ndi Petauke akali kuganiza kuti mwana akangokwera basi ya ku Lusaka kapena ku Migodi, ndiye kuti nchito waipeza. Koma nchito imakhala ndi malo ace ndiponso nyengo yace, ndipo ciwerengero cimodzi ca dziko lonse cimabisa zimenezi.

Boma limawerenga munthu kuti ndi lova ngati alibe nchito, akuifunafuna, ndipo ali wokonzeka kuiyamba. M'caka ca 2014 malova anali 7 pa anthu 100 alionse ofuna kapena ogwira nchito, ndipo anacuruka m'matauni koposa m'midzi. Pofika 2017 anakwana 12 pa 100, ndipo cimodzi mwa zifukwa zace n'cakuti kawerengedwe kanasintha: wolima cakudya ca banja lace cokha analeka kuwerengedwa monga wogwira nchito.

M'Cigawo ca Migodi nchito zimatsata mtengo wa mkuwa. Utagwa mtengowo m'caka ca 2008, mgodi wa Luanshya unatsekedwa. Mu November 2015 kampani ya Mopani inacotsa anchito oposa 4,000 ku Kitwe ndi Mufulira. Mwezi umodzi wotere umagwetsanso wogulitsa makala, telala ndi mwini nyumba ya lendi, popeza onse amadya za m'thumba la wa m'mgodi.

Pamene migodi yakale inali kucepetsa anthu, ina inali kutsegulidwa m'Cigawo ca Kumpoto Cakumadzulo. Kansanshi ku Solwezi unayambanso m'caka ca 2005, ndipo Lumwana unatsatira mu 2008. Komabe migodi yatsopanoyi imakumba ndi makina akuluakulu, motero imafuna amisiri okhala ndi mapepala.

Kuno Kum'mawa nchito zimatsata mvula. Ganyu amacuruka pa nthawi yopalira, kuyambira December kufikira February, ndiponso pokolola fodya ndi thonje. Zikagulitsidwa mbeu, manja ambiri amakhala cabe kufikira mvula yoyamba. Ambiri mwa anthuwa sawerengedwa monga malova, pakuti kulibe ofesi kumene angapite kukafunsa nchito.

Tsono mwana asanagulitse mbuzi kuti apeze ndalama ya basi, banja liyenera kufunsa abale a kumene akupitako ngati mwezi umenewo akulemba anthu kapena kucotsa, ndiponso luso limene likufunidwa.