Kodi Thukuta Lingalowe m'Malo mwa Katemera?

Ife amene tinakulira kuno ku Nancholi tikukumbukira bwino masiku amene bambo ankalawira m'mbandakucha, natsata msewu wa ku Chikwawa wapansi mpaka kukafika kuntchito m'tauni, madzulo n'kubwereranso chimodzimodzi. Panalibe amene ankati akulimbitsa thupi, unali umphawi basi. Lero njinga yamoto ya kabaza imatitenga pakhomo penipeni, ndipo ngakhale mwana wotumidwa mchere amayamba wafunsa ya mayendedwe.

Nkhani ya kuyendayi inabuka mwa njira ina m'mwezi wa Malichi 2021, pamene katemera woyamba wa Covid-19 anafika m'dziko muno. Anyamata ambiri anakana kubayitsa, amvekere: ife timamenya mpira tsiku ndi tsiku, matendawa ndi a mabwana onenepa. Akuluakulu ena anabayitsa, nabwerera kukakhala pa mpando wa ndalema poganiza kuti ntchito yatha. Onsewa anagwira mbali imodzi yokha ya choona.

M'magazi mwathu muli timaselo toyera timene achipatala amati asilikali a m'thupi. Munthu akakhala phee, ambiri a asilikaliwa amakhala atatsamira m'mbali mwa mitsempha ndi m'kapamba. Akayamba kuyenda mwandawala, mtima umapopa mwamphamvu ndipo asilikali aja amalowa m'magazi n'kuyamba kuzungulira thupi lonse ngati alonda oyendera mudzi. Kuyenda kumathandizanso kupewa kunenepa kwambiri, matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, zimene zinachititsa ambiri kudwala Covid-19 mwakayakaya. Koma mlonda, ngakhale akhale wa mphamvu chotani, sangagwire mbala imene sanaionepo nkhope. Ntchito ya katemera ndiyo kumuonetsa nkhopeyo mbala isanafike.

Umboni wooneka bwino unachokera ku South Africa m'chaka cha 2022. Madotolo anafufuza anthu ogwira ntchito za chipatala amene analandira katemera wa Johnson & Johnson, nawagawa patatu malinga ndi mmene ankalimbitsira matupi awo. Kwa amene sankafika ngakhale ola limodzi pa sabata, katemera anachepetsa kugonekedwa m'chipatala ndi magawo 60 pa 100 alionse. Kwa apakatikati anali magawo 72, pamene kwa opitirira mphindi 150 pa sabata anali pafupifupi magawo 86. Katemera anali yemweyo, koma matupi omulandira ndiwo anasiyana. Tiyenera kunenanso kuti amenewa anali anthu apantchito, a zakudya zokwanira, ndipo mwina oyenda kwambiriwo analinso osamala pa zinthu zina. Komabe kusiyana kotere sitingakunyozere. Ndipo taonani, ngakhale aulesi aja katemera anawathandiza ndithu.

Ku America nako, pa sukulu ya ukachenjede ya Iowa State, anapeza m'chaka chomwecho kuti anthu amene anayenda kapena kupalasa njinga kwa mphindi 90 atangobayitsa anali ndi chitetezo chochulukirapo m'magazi patapita masabata anayi. Anthu ake anali ochepa, tsono tisakokomeze. Komatu kubwerera wapansi pochoka kobayitsa, kwa amene akupeza bwino, si chinthu choopa.

Nanga za kudwalanso kachiwiri? Apa anyamata athu ampira ayenera kumvetsa. Kachirombo kamasintha maonekedwe. Pamene mtundu wa Omicron unadziwika kummwera kwa Africa kuno mu Novembala 2021, unagwira odwalapo kale, obayitsa ndi othamanga omwe. Thukuta silitseka mphuno. Chimene thupi lolimba limapindula n'chakuti kawirikawiri matenda akabwera saligwetsa kwambiri. Ndipo mnyamata amene watentha thupi asakakamire kulowa m'bwalo poti akatulutse matenda ndi thukuta, pakuti kutero kungavulaze mtima. Ayambe wagona, achire.

Tsono tisalakwitse ponena nkhaniyi kwa aliyense mofanana. Mayi amene amasenza ndowa kukwera chitunda kangapo patsiku, kapena amaswa miyala dzuwa lili paliwombo atangomwa tiyi wopanda chomwera, sasowa masewero. Iye akusowa chakudya ndi tulo, ndipo thupi lotopa ndi lanjala silidziteteza bwino. Amene tikuwanena ndi ife a m'maofesi ndi m'masitolo, opuma pantchito, ndi ana amene maso awo ali pa foni kuyambira poweruka mpaka usiku.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati wamkulu aziyenda mwamphamvu mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndipo mwana wa zaka 5 mpaka 17 azithamanga ndi kusewera pafupifupi ola limodzi tsiku lililonse. Apa ife aphunzitsi tili ndi mlandu. Mayeso a Sitandade 8 akayandikira, nthawi ya masewero ndiyo timayamba kulanda kuti tibwereze masamu, ndipo makolo amatiyamikira. Fulaye, phada, jingo ndi chipako sizifuna ndalama, zimangofuna malo, koma malo amene ana ankasewerapo ambiri tinamangapo nyumba za lendi. M'kalasi mwathu tayamba kuwatulutsa ana panja mphindi makumi awiri tisanayambe kubwereza, ndipo ifenso, ndi maondo athu olirawa, timazungulira nawo bwalo kawiri.