Zala ndi Mpweya: Mankhwala a Khosi ndi Mapewa Ochokera ku Japan

Anzanga, mwezi wa Juni ukafika kuno ku Dedza palibe amene amafunsa kalendala. Boma lathu lili pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo nsonga ya Phiri la Dedza ikuyandikira mamita 2,200. Mphepo ikamatsika m'phirimo tonse timakweza mapewa mpaka m'makutu osadziwa. Onjezanipo maola ambiri owerama pa desiki ndi mantha a mayeso a MSCE, mupeza chifukwa chimene ambiri a ife timadzukira khosi lili gwa ngati mtengo wa mpini. Mnofu umene wakhala wokungika tsiku lonse sulandira bwino magazi, ndiye umayamba kuwawa.

Anthu a ku Japan vutoli ali nalo dzina lakelake, amati katakori, kutanthauza kuuma kwa mapewa. Ife timawadziwa chifukwa cha magalimoto awo ndi achinyamata odzipereka amene anayamba kubwera m'Malawi mu 1971, koma alinso ndi luso lakale la kutikita thupi lotchedwa anma. Kwa zaka mazana ambiri ntchito imeneyi inali makamaka ya anthu osaona, popeza chala chimamva mfundo ya mnofu imene diso silingaione.

Kuchokera m'luso limenelo munabadwa shiatsu, mawu otanthauza kudinikiza ndi chala. Amene anaitchukitsa ndi Tokujiro Namikoshi, wobadwa mu 1905. Ali mwana wa zaka 7 banja lawo linasamukira ku Hokkaido, chilumba chozizira koposa kwathu kuno, ndipo mayi ake anagwidwa ndi nyamakazi. Mnyamatayo anaona kuti akamasisita ululu sunkachepa kwenikweni, koma akadinikiza malo amodzi n'kudikira, mayi ake ankapezako bwino. Mu 1940 anatsegula sukulu yake ku Tokyo, ndipo mu 1964 boma la Japan linavomereza shiatsu ngati njira yoima payokha.

Kachitidwe kake n'kosavuta kufotokoza. Safuna mafuta, ndipo munthu savula malaya, chinthu chimene ine ndikuchiyamikira kwambiri m'nyengo ino. Wothandizayo amaika zala zazikulu pa mnofu wa pakati pa khosi ndi phewa, n'kutsamira pang'onopang'ono ndi kulemera kwa thupi lake, osati ndi mphamvu za dzanja. Amadikira masekondi atatu kapena asanu, n'kumasula mofatsa, kenaka n'kusunthira patsogolo pang'ono. Sadinikiza pa fupa la msana kapena kutsogolo kwa khosi kumene kumadutsa mitsempha yopita ku ubongo. Ululu wake uyenera kukhala uja wokoma, woti munthu n'kunena kuti "pomwepo, achimwene." Akayamba kukuwa ndiye kuti mwalakwitsa. Agogo athu amene amathowa mwendo wotupa ndi madzi ofunda n'kuusisita sangadabwe nazo zimenezi.

Aphunzitsi ena a shiatsu, monga Shizuto Masunaga, ankaphunzitsa kuti m'thupi muli tinjira toyendamo mphamvu yotchedwa ki. Madokotala ong'amba thupi sanatipezepo tinjira timeneti. Chimene chimadziwika n'chakuti kutikita kumachepetsa ululu wa khosi ndi mapewa kwa kanthawi, ndipo munthu amamva kupepuka. Mukabwerera kukakhala mokhota pa desiki lomwe lija, ululu nawonso ubwerera.

Mbali imene yandigwira mtima kwambiri ndi ya kupuma. A ku Japan amati mpweya uzitsikira ku hara, ndiye kuti kumimba, kunsi kwa mchombo. Munthu wankhawa amapumira pamwamba, mothamanga, ndipo pa mpweya uliwonse minofu ya khosi ndi imene imakoka nthiti. Tangoganizani, kambirimbiri pa ola limodzi! Koma tikapumira kumimba ntchitoyo imagwiridwa ndi mwini wake, mnofu uja wolekanitsa chifuwa ndi mimba umene m'kalasi la Biology timautcha diaphragm. Khosi limapumula. Ndiponso nthawi iliyonse tikamatulutsa mpweya mtima umachepetsako liwiro, chifukwa cha mtsempha wa vagus. Choncho yesani izi musanatsegule pepala la mayeso: khalani mowongoka, dzanja pamimba, kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, tulutsani mukuwerenga mpaka 6. Zikhala ngati kupuma kasanu ndi kamodzi pa mphindi.

Wina afunsa: kodi mwana wa seminale achite nazo chiyani za Abuda? Funsoli n'loyenera. Mu 1989 Kadinala Joseph Ratzinger analembera maepiskopi kalata yotchedwa Orationis formas. Sanaletse kugwiritsa ntchito thupi pokonzekera pemphero, koma anachenjeza kuti bata limene munthu amamva m'thupi asalisokoneze ndi chisangalatso cha Mzimu Woyera. Komatu kupuma mwadongosolo si kwachilendo mu Mpingo. Ignatius Woyera wa ku Loyola, m'buku lake la Spiritual Exercises, anaphunzitsa kunena Atate Athu liwu limodzi pa mpweya umodzi. Wansembe wina wa chipani cha Ajezuiti, Hugo Enomiya-Lassalle, amene anapulumuka bomba la ku Hiroshima mu 1945, anaphunzira kusinkhasinkha kwa Zen kwa zaka zambiri ndipo anamwalira mu 1990 akadali wansembe. Ndipo mu 2001 dokotala wa ku Italy, Luciano Bernardi, ndi anzake anafalitsa zimene anapeza mu British Medical Journal: anthu akamanena Korona m'Chilatini molandizana, kupuma kwawo kumatsika kufika kasanu ndi kamodzi pa mphindi. Ife amene timathamangitsa Tikuoneni Maria kuti tifike msanga ku chakudya cha madzulo tikudzimana zambiri.

Pali kuuma khosi kwina kumene sikufuna chala cha munthu aliyense. Mnzanu akauma khosi mwadzidzidzi, thupi litatentha, mutu ukuwawa kwambiri, akusanza kapena akudana ndi kuwala, musamutikite ndipo musadikire kuti kuche. Angakhale matenda oumitsa khosi aja amene amapha msanga ndipo amafala mosavuta pamene anthu amagona ambiri m'chipinda chimodzi monga timachitira ife. Dzutsani Abambo nthawi yomweyo apite naye kuchipatala. Chimodzimodzi wina akagwa pa mpira n'kupweteka khosi, kapena akamva dzanzi m'manja, musamugwedeze mutu.