NKHOPE ZOUMBA NDI MANJA

Tsiku lina madzulo, mdima utayamba kuphimba phiri la Kachebere, tinasonkhana m'nyumba ya aphunzitsi ena kukaona mpikisano wa pa kanema wochokera ku America, dzina lake Face Off. Ana anakhala pamphasa, akulu pamipando. Posakhalitsa panatulukira chinthu cha nyanga ndi mano osongoka. Ana anabisala kumbuyo kwa amayi awo, ndipo agogo ena anachita chizindikiro cha mtanda, nati: "Kodi umenewu si ufiti?" Funso lawo liyenera yankho, pakuti zithunzi zotere zafika kale m'mafoni a ana athu.

Iyayi, abale, si ufiti. Ndi ntchito ya manja. Mpikisanowo unayamba m'chaka cha 2011, nutha m'chaka cha 2018. Amisiri ankapatsidwa masiku owerengeka kuti asandutse munthu akhale nkhalamba, chilombo kapena mzukwa. Poyamba ankaumba nkhope ndi dongo, monga amayi aumbira mbiya. Pa dongolo ankapangapo chikombole, m'chikombolemo nathiramo mphira wofewa, umene ukagwira ufanana ndi khungu. Khungulo ankalimata pa nkhope ya munthu wamoyo, nalipaka utoto, naikapo tsitsi. Tsono oweruza ankayandikira, nayang'anitsitsa ngati msoko ukuoneka. Mmodzi wa iwo anali mayi Ve Neill, amene analandira mphoto ya Oscar katatu chifukwa cha luso lomweli. Wolephera ankabwerera kwawo. Wopambana onse ankalandira madola 100,000.

Tinazindikira chinthu chimodzi: kawirikawiri wopambana sanali woumba choopsa koposa, koma amene anapenyetsetsa anthu. Iye adziwa m'mene makwinya ayendera pa chipumi cha nkhalamba, ndi m'mene milomo ya munthu wadyera ikhalira. Akulu anati, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tikukambirana zimenezi, mkulu wina anaseka, nati: "Mukudabwa za kutali, pamene kwathu kuno ziliko kuyambira makolo!" Ankanena za Gule Wamkulu, amene avinidwa m'midzi ya Achewa kuno ku Mchinji, ku Chipata ndi ku Tete. Za kudambwe zili ndi eni ake, ife sitizikhudza. Koma zimene zioneka pabwalo aliyense aziona. Chadzunda, wa nkhope yakuda ya munthu wokalamba, aonetsa ukulu ndi ulamuliro. Simoni, wa nkhope yofiira, ndiye mzungu wopsa ndi dzuwa: makolo athu anamupenyetsetsa mlendo, namuika m'gule. Nkhope iliyonse ili ndi mwambo wake, iyamika khalidwe labwino kapena idzudzula loipa. M'chaka cha 2005 bungwe la UNESCO linawerenga guleyu pamodzi ndi chuma chopambana cha anthu onse a pa dziko.

Sitibisa kuti kale panali mkangano waukulu pakati pa amishoni ndi eni gule, makamaka ku Mua, ndipo mabanja ena anagawanika. Koma pa Mua pomwepo, m'chaka cha 1976, Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni, kumene amisiri aphunzira kusema ndi kujambula. M'nyumba ya Chamare asungamo nkhope za gule zoposa 400. Amene afikako aona yekha kuti luso la kuno silichepa pa la ku America. Kusiyana n'kwakuti uko afuna kunyenga maso kuti apate mphoto, pamene kuno nkhope ifuna kulangiza mudzi.

Tsono inu makolo, tichite chiyani? Kuletsa kokha sikukwanira, chifukwa mwana woletsedwa akaonera kwa anzake. Khalani naye pamodzi poonera. Aang'ono muwauze kuti pansi pa nkhope ya pa kanemayo pali munthu ngati ife, kuti asalote zoopsa usiku. Osinkhuka muwafunse: "Nkhope imeneyi ikuphunzitsa chiyani?" Ngati siphunzitsa kanthu koma kukhetsa magazi, zimitsani.

Ndipo mukampeza mwana wanu kudambo akuumba ng'ombe kapena nkhope ya agogo ake, musamukalipire kuti adetsa zovala. Yang'anani chimene waumbacho, mumuuze pamene walakwitsa ndi pamene wakhoza. M'mera mpoyamba. Mmawa wake wa tsiku tinaonera lija, tinapeza anyamata atatu pamtsinje, manja ali dongo lokhalokha, akutsutsana za kukula kwa mphuno ya mfumu yawo.