Mano a nguluwe owerenga zaka ku Karonga

Mvula ikagwa m'zigwembe za ku Uraha ndi Malema m'boma la Karonga, madzi amakokolola mchenga n'kusiya nsangalabwi zosakanikirana ndi tizidutswa ta mafupa osanduka mwala. Dothi limeneli akatswiri amalitcha Chiwondo Beds, ndipo linaunjikidwa ndi mitsinje komanso nyanja yakale zaka mamiliyoni zapitazo.

Madzi sasunga nyama yathunthu. Amagubuduza fupa, kuliphwanya ndi kuliperesa, koma dzino limapirira. N'chifukwa chake ntchito yozindikira nyama imayambira m'kamwa. Dzino la njovu lili ndi mizere yopingasa. La mvuu likaperepeseka pamwamba pamaoneka ngati tsamba la nthambi zitatu. Nyama za mtundu wa nswala ndi nyumbu amazidziwa ndi fupa la mkati mwa nyanga, poona kupindika kwake.

Pofuna kudziwa zaka za dothi, mboni yodalirika kwambiri ndi nguluwe zakale. Dzino lawo lakumapeto linkatalika mbadwo ndi mbadwo pamene zinkazolowera kudya udzu. Ku Omo ku Ethiopia ndi ku Koobi Fora ku Kenya, mano otere amapezeka pakati pa phulusa la mapiri ophulika, lomwe zaka zake zimayezeka. Dzino la ku Karonga likafanana ndi la kumeneko, zaka za dothi zimadziwika.

Umu ndi momwe anadziwira zaka za nsagwada yotchuka ya UR 501, yomwe a Tyson Msiska anaitola ku Uraha mu 1991 ali m'gulu la akatswiri ofukula zakale Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage. Nsagwadayo ndi ya munthu wakale wa mtundu wa Homo rudolfensis, wa zaka pafupifupi 2.4 miliyoni.

Komabe mtsinje umatha kunamiza. Kwa Mwanganda ku Karonga komweko, m'zaka za m'ma 1960, katswiri wina, J. Desmond Clark, anafukula mafupa a njovu pamodzi ndi zida zamwala, malowo n'kutchuka kuti alenje akale anasenderapo njovu. Ofukula apambuyo pake anakayika, poona kuti madzi amatha kukumanitsa zinthu za nthawi zosiyana.

Choncho malo amene fupa lagona ndi ofunika ngati fupalo. Amene waona lotere asalizule, koma adziwitse a Cultural and Museum Centre Karonga, nyumba yosungiramo zakale yomwe inatsegulidwa mu 2004, kuti akalembe dothi lomwe lalisunga.