Dzino Likasintha Mtundu

Kuno ku Chifunde timagwira ntchito ndi ng'ombe, makasu ndi ngolo. Ngozi sizilephera. Pomanga goli, ng'ombe imatha kutigunda ndi nyanga pakamwa. Mwana amatha kugwa pa ngolo. Magazi akaleka, timati zatha. Koma ayi, sizinathe.

Dzino lili ngati mtengo wa chimanga. Kunja ndi lolimba, m'kati ndi lofewa. M'katimo muli mitsempha ndi magazi. Mitsemphayi imalowera ku muzu. Dzino likagundidwa kwambiri, imaphwanyika kapena kuduka.

Tsono tiziyang'ana mtundu wa dzinolo pa galasi.

Likafiirira patangopita masiku ochepa, magazi atayikira m'kati. Nthawi zina limayeranso lokha.

Likakhala lachikasu patapita miyezi, kawirikawiri likadali lamoyo. Njira ya m'kati ndiyo ikuchepa.

Likatuwa kapena kuda, osayeranso, mwina m'kati mwafa. Apa tichenjere. Dzino lakufa limatha kukhala phee, osapweteka. Koma tizilombo timaswana ku muzu, n'kupanga mafinya. Pa nkhama pamatuluka kachotupa. Tsaya likatupa ndi thupi kutentha, tipite kuchipatala tsiku lomwelo.

Tisadikire ululu. Tisapale dzino ndi makala kapena mchenga, pakuti kudako kuli m'kati. Tisaike fodya kapena mankhwala a m'munda pa dzino: ndi poizoni.

Tiyambire kuchipatala chathu chapafupi. Akaona kuti n'kofunika, adzatitumiza kwa dokotala wa mano ku chipatala chachikulu ku Tete. Dokotala amatha kujambula dzino, kutsuka m'kati mwa muzu ndi kutsekapo. Tikachedwa, chotsala n'kuzula basi.

Nanga dzino la munthu wamkulu likazuka lonse? Tiligwire kumutu, osati ku muzu. Tilitsukuluze pang'ono ndi mkaka kapena madzi oyera. Tilibwezere pamalo pake msanga, ola limodzi lisanathe. Zikakanika, tiliike mu mkaka, tithamangire kuchipatala. Koma dzino loyamba la mwana sitibwezera. Lingawononge dzino latsopano limene likukula pansi pake.

Mlimi wodwala dzino sadya bwino, sagona, salima. Mu koperativa yathu tizikumbutsana.

Mafunso
1. M'kati mwa dzino muli chiyani?
2. Dzino lakuda likapanda kupweteka, tichite chiyani?
3. Pa gulu lathu, ndani angaperekeze wovulala kuchipatala?